Phunziro la Ziweto: Kagalu Kakatsegula M'mimba

Galu wa pakhomo waswa. Tiagalu tiri tisanu, tikuyamwa bwino kuseri kwa nkhokwe. Ana a m'nyumba akondwa. Anansi nawo ayamba kale kupempha: "Kamodzi mundisungire." Papita masabata atatu, kamodzi kayamba kutsegula m'mimba. Mawa lake kenanso. Mwezi usanathe, tatsala tiwiri tokha.

Nkhani iyi tonse tikuidziwa. Ena amati, "Ndi mmene amachitira ana a galu, sakula onse." Ena amaloza mnansi, amati wathira chiphe. Mkangano umabuka pamudzi, chonsecho chimene chapha tiagalu chinali m'matumbo mwawo kuyambira kale.

Anzathu a m'koperativa, galu ndi wantchito mnzathu. Usiku amalonda khola la mbuzi ndi nkhokwe. Masana amapirikitsa anyani ku munda wa chimanga. Kagalu kamene kafa lero ndi mlonda amene tidzamsowa chaka chamawa. Ndiponso njoka za galu sizithera mwa galu. Zina zimafika kwa mbuzi zathu, zina kwa ana athu. Tsono tiyeni tiphunzire kuyang'ana.

Kutsegula m'mimba kuli ngati utsi

Mukaona utsi, mumadziwa kuti pali moto. Koma simudziwa chimene chikupsa, kaya ndi tchire kaya ndi nyumba, mpaka mutapita kukaona. Kutsegula m'mimba nakonso ndi chizindikiro chabe. Kagalu kakhoza kutsegula chifukwa kadya mkute wosasa, kapena kamwa mkaka wa ng'ombe umene mimba yake sinauzolowere. Kakhoza kutsegula chifukwa cha njoka za m'mimba. Kakhoza kutsegula chifukwa cha tizilombo tina tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso. Chirichonse mwa izi chiri ndi mankhwala ake. Mankhwala a njoka imodzi sapha njoka zonse, ndipo pa matenda ena sagwira ntchito konse. Nchifukwa chake tiyamba tayang'ana tisanagule mankhwala.

Njoka zalowa bwanji m'kagalu kosayenda?

Wina afunsa: "Kagalu aka sikanatulukeko m'chisa. Sikanadye kanthu, mkaka wa make wokha. Njoka kazitenga kuti?"

Kazitenga kwa make. Galu wamkulu akameza mazira a njoka, timphutsi timatuluka m'mazirawo nkukabisala m'mnofu mwake. Timagona mmenemo miyezi, ngakhale zaka, ndipo galuyo amaoneka wathanzi. Galu amakhala ndi bere masiku 63 kapena pafupi pamenepo. Bere likafika masiku ngati 42, timphutsi tija timadzuka, timayenda m'magazi, nkulowa mwa ana asanabadwe. Motero kagalu kamabadwa kali nazo kale. Iyi ndi njoka yoyera yobulungira, imene m'mabuku a madokotala imalembedwa kuti Toxocara canis. Ikakula imatalika masentimita 10, zina mpaka 18, ngati kutalika kwa chikhatho.

Pali njoka yachiwiri, yaifupi ndi yopyapyala ngati kaulusi, yosapitirira masentimita awiri. Kukamwa kwake kuli timano tokola. Imaluma khoma la matumbo nkumayamwa magazi. Dzina lake ndi Ancylostoma, koma ife tiitche njoka yoyamwa magazi. Iyi imadzera mu mkaka wa make. Imalowanso pakhungu, kagalu kakagona pa dothi lonyowa pamene agalu amachita chimbudzi.

Yachitatu ndi njoka yaphanthi, yaitali ngati lamba, yokhala ndi mfundomfundo. Imabwera kagalu katakulako. Mtundu wina umadzera mu utitiri: kagalu kamadziluma poyabwa, kameza utitiri, ndipo mu utitirimo muli mwana wa njoka. Mitundu ina imadzera m'nyama yaiwisi imene timaponyera agalu tikapha mbuzi kapena nkhosa.

Kuyeza ndi maso ndi manja

Tengani kagalu kodwalako, mupite nako poyera pamene pali dzuwa. M'nyumba mumdima simuona bwino.

Yambani ndi m'kamwa. Kwezani mlomo wa m'mwamba ndi chala, muone nkhama. Kagalu kathanzi kali ndi nkhama zofiirira, zonyowa. Dinikizani nkhama ndi chala nkuchotsa. Malowo ayera, koma kufiira kubwerera musanawerenge mpaka ziwiri. Ngati nkhama ziri zoyera mbee ngati pepala, magazi atha. Mukakayika, tsegulani kukamwa kwa kagalu kena kosadwala, muyerekeze.

Pa zonse za m'phunziro lino, ichi ndicho chachikulu. Kagalu ka masabata awiri kapena atatu, kofooka, kosafuna kuyamwa, ka nkhama zoyera, nthawi zambiri kakudyedwa ndi njoka yoyamwa magazi. Kagalu kotere kali ndi magazi ochepa chibadwire, ndipo njoka zikachuluka kamafa m'masiku owerengeka. Sikadikira kuti tithe kupalira. Pitani nako kwa mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.

Kenaka khungu. Tsinani khungu la pakhosi kumbuyo, mulikweze pang'ono, nkulisiya. Likabwerera msanga, madzi m'thupi alimo. Likatsala chiimire ngati chikopa chouma, madzi atha. Maso nawo amalowa m'kati.

Kenaka mimba ndi ubweya. Kagalu ka njoka zoyera kamakhala ndi mimba yaikulu yotupa ngati chipanda, koma nthiti ndi msana ziri poonekera. Anthu amaseka, amati kakhuta. Sikanakhute ayi, chakudya chake zikudya ndi njoka. Ubweya umatuwa, kukula kumachedwa. Nthawi zina kamatsokomola, pakuti timphutsi timadutsa m'mapapo tisanafike m'matumbo. Patulani ubweya wa pamsana pafupi ndi mchira. Mukaona utitiri, kapena tinthu takuda ngati fumbi la makala, kumbukirani njoka yaphanthi ija.

Tsopano chimbudzi chenichenicho

Palibe amene amakonda ntchito iyi, koma mlimi saopa ndowe. Tengani kamtengo, muvundule chimbudzi chatsopano, muyang'anitsitse. Osagwira ndi manja.

Chikakhala chakuda bii, chomata ngati phula, amenewo ndi magazi ochokera m'kati mwa matumbo amene agayidwa pamodzi ndi chakudya. Chimbudzi chakuda pamodzi ndi nkhama zoyera chikuloza njoka yoyamwa magazi. Njokayo simuiona. Yamatirira ku matumbo, situluka.

Mukaona njoka zoyera zazitali, zopindika, m'chimbudzi kapena m'masanzi, palibenso chofunsa. Ndi Toxocara.

Mukaona tinthu toyera ngati mpunga kapena nthangala za nkhaka, tikuyenda pang'onopang'ono pamwamba pa chimbudzi kapena pa ubweya wa kunsi kwa mchira, timeneto ndi mfundo za njoka yaphanthi. Mfundo iriyonse ndi kathumba ka mazira. Kagalu kamakhala kakukhwekhwereza matako pansi chifukwa cha kuyabwa.

Chikakhala chamadzimadzi, chachikasu kapena chotuwa, chonanda ngati mamina, nthawi zina ndi timadontho ta magazi ofiira, ndipo njoka osaoneka, mwina ndi tizilombo tating'ono totchedwa coccidia kapena Giardia. Timeneti si njoka. Timakonda tiagalu tongoleka kuyamwa, togona malo onyowa, tomwa madzi a pachithaphwi. Apa maso athu afika pamapeto.

Onani chinthu chodabwitsa. Njoka imene timaiona kawirikawiri, ya timpunga ija, ndiyo imene sipha kagalu kawirikawiri. Imene imapha msanga sioneka. Choncho munthu asanene kuti, "Ndayang'ana, mulibe njoka." Anene kuti, "Ndayang'ana, sindinaone njoka." Mawu awiriwa akusiyana.

Zimene makina amaona

Njoka zimaikira mazira m'matumbo, ndipo mazira amatuluka ndi chimbudzi. Njoka yoyera yaikazi imodzi ikhoza kuikira mazira ofika 200,000 pa tsiku. Koma ndi aang'ono zedi. Mazira 12 oikidwa pamzere ndiwo angakwane milimita imodzi, kamzere kamodzi kakang'ono ka pa rula ya mwana wa sukulu. Kuti aoneke pamafunika maikolosikopu, makina a magalasi okuza zinthu.

Kuyeza kwake si matsenga. Woyeza amasungunula mchere m'madzi, wambiri mpaka wina kukana kusungunuka. Amatenga chimbudzi pang'ono, amachisakaniza ndi madzi amcherewo, amasefa, nkuthira m'kabotolo mpaka kudzaza ndendende. Pamwamba amavundikira kagalasi kopyapyala. Madzi amchere wambiri ndi olemera kuposa mazira a njoka, motero zinyalala zimamira koma mazira amayandama nkumatirira ku kagalasi. Pakapita mphindi 10 kapena 15, amanyamula kagalasi nkukaika pa makina. Njoka iriyonse iri ndi dzira lake, monga dzira la nkhanga lisiyana ndi la nkhuku. La njoka yoyera ndi lobulungira, la chikhokho chokhuthala. La njoka yoyamwa magazi ndi lotalikirapo, la chikhokho chopyapyala. Coccidia ndi wamng'ono kuposa onsewa.

Ntchito yathu ndi kupereka chimbudzi choyenera. Chikhale chatsopano, cha m'mawa womwewo. Tolani cha pamwamba chosakhudza dothi, pakuti m'dothi mulinso tizilombo tina tosokoneza woyeza. Supuni imodzi yaing'ono yakwana. Tolani ndi kamtengo, muike m'kabotolo kotsuka kapena m'kapepala ka pulasitiki, mumange bwino. Musachiike padzuwa kapena m'thumba la malaya. Kukatentha, mazira a njoka yoyamwa magazi amaswa m'tsiku limodzi kapena awiri, ndipo woyeza sapeza kanthu. Chifike tsiku lomwelo.

M'boma lirilonse muli ofesi ya Serviço Distrital de Actividades Económicas, imene timaitcha SDAE. Alangizi a zaulimi ndi a ziweto amapezeka kumeneko. Funsani kumeneko kumene kuli makina oyezera. Ngati ali kutali, mlangizi adzaweruza ndi zimene inu mwaona ndi zimene iye aone pa kagalu.

Makina nawo ali ndi malire. Njoka yaing'ono siikira mazira, monga msoti suikira usanakule. Njoka yoyera imayamba kuikira kagalu katakwana pafupifupi masabata atatu. Njoka yoyamwa magazi imayamba kuyamwa isanayambe kuikira, motero kagalu ka masabata awiri kakhoza kufa makina asanaone dzira ndi limodzi lomwe. Giardia naye satuluka tsiku lirilonse. Woyeza akati sanapeze kanthu, koma kagalu kakudwalabe, bwererani ndi chimbudzi china pakapita masiku awiri kapena atatu. Ndipo kagalu ka nkhama zoyera kalandire mankhwala osadikira makina.

Matenda ofanana ndi njoka koma si njoka

M'chaka cha 1978 madokotala a ziweto anazindikira matenda atsopano a agalu, ndipo m'zaka ziwiri zokha anafalikira dziko lonse lapansi. Dzina lake ndi parvo. Amagwira makamaka tiagalu ta masabata 6 mpaka miyezi 6 tosabayitsa katemera.

Tingasiyanitse bwanji? Kagalu ka njoka kamadwala pang'onopang'ono. Kamaonda, koma nthawi zambiri kamadyabe. Ka parvo kamagwa mwadzidzidzi. Dzulo kanali kusewera, lero kakana chakudya, kakusanza kosaleka, ngakhale madzi akubwerera. Kenaka kamatsegula zamadzi zosakanikirana ndi magazi, za fungo loipa kwambiri losaiwalika. Tiagalu ta khomo lina natonso timayamba chimodzimodzi.

Mankhwala a njoka sachiza parvo. Kagalu kotere kapatuleni kwa tinzake msanga, ndipo muitane mlangizi. Chotchinjiriza ndi katemera, kuyambira masabata 6 mpaka 8, nkubwereza monga mlangizi anenere. Dziwaninso kuti kagalu kakhoza kukhala ndi zonse ziwiri, njoka ndi parvo, ndipo kotero ndiko kamafa msanga.

Katemera wa chiwewe, amene galu amalandira akakwana miyezi itatu, ndi wofunika kwambiri kwa ife tonse. Koma iyeyo ndi wa chiwewe basi. Sapha njoka, satchinjiriza parvo.

Cholembera chigwire ntchito

Kale tinkafika kwa mlangizi nkungoti, "Galu wanga akudwala." Akafunsa kuti wayamba liti, timati, "Dzana, kapena dzana lina lija." Tsopano tikudziwa kulemba. Tengani kope, mulembe chonchi:

Kanabadwa pa 3 Marichi. Kayamba kutsegula pa 22 Marichi. Chimbudzi chakuda. Nkhama zoyera. Sikakusanza. Todwala tiri tiwiri mwa tisanu. Make sanamwe mankhwala.

Mizere yochepa iyi imamuuza mlangizi zambiri asanagwire nkomwe kagalu. Msinkhu wokha umathandiza. Pali njoka ina ya m'matumbo aakulu imene imatenga pafupifupi miyezi itatu kuti ikule, choncho mlangizi saiganizira pa kagalu ka mwezi umodzi.

Lembaninso kulemera kwake. Ikani kagalu m'thumba, mukoloweke pa sikelo ya koperativa imene timayezera nyemba. Mlingo wa mankhwala umatsata makilogalamu, osati kuyerekeza ndi maso.

Pogula mankhwala, werengani botolo. Mawu ambiri ali m'Chipwitikizi. "Peso" ndi kulemera. "Validade" ndi tsiku limene mankhwala atha mphamvu. Piperazina amapha njoka yoyera yokha, yoyamwa magazi amaisiya. Pirantel amapha zonse ziwiri, ndipo amaperekedwa ngakhale kwa kagalu ka masabata awiri. Fenbendazol amaphanso zonse ziwiri, amaperekedwa masiku atatu otsatana, ndipo amathandiza pa Giardia. Njoka yaphanthi imafuna praziquantel. Coccidia ali ndi mankhwala akeake, amene mlangizi ndiye asankhe. Mwaona tsono chifukwa chake tinayamba ndi kuyang'ana? Munthu wogula piperazina pamene nkhama zayera wataya ndalama, ndipo ataya ndi kagalu komwe.

Mankhwala a ng'ombe ndi a mbuzi musamwetse kagalu mongoganiza. Mlingo wa ng'ombe ndi wa makilogalamu mazana. Dibi, palafini ndi madzi a fodya si mankhwala a njoka, ndi chiphe.

Podikira mlangizi, bwezerani madzi m'thupi. Wiritsani lita imodzi ya madzi, muziziritse. Thiranimo masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mwetsani pang'onopang'ono, kawirikawiri. Kakamasanza, dikirani pang'ono, musakakamize. Kagalu koyamwa kasiyeni kayamwe, ndipo kakhale pofunda.

Popeza tiagalu tambiri timabadwa ndi njoka, madokotala a ziweto amalangiza kupereka mankhwala tisanadwale nkomwe: pa masabata 2, 4, 6 ndi 8, kenaka mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6. Make amwe nawo. Botolo limodzi limakwana tiagalu tambiri, choncho mabanja a m'koperativa akhoza kusonkha nkugula pamodzi.

Mbuzi zathu ndi ana athu

Ife a chigawo cha Tete timadziwika ndi mbuzi. Ambiri tinaonapo mbuzi kapena nkhosa yopendeketsa mutu, yoyenda mozungulirazungulira, yosiyana ndi zinzake kubusa. Ikaphedwa, mu ubongo mumapezeka kathumba ka madzi kokhala ndi timadontho toyera. Kathumba kameneko ndi ana a njoka yaphanthi ya galu. Timaponyera galu mutu uja. M'matumbo mwa galu njoka imakula. Galu amachita chimbudzi pa msipu. Mbuzi ina imadya udzu wa mazira, nayo iyamba kuzungulira. Timati khola lalodzedwa, koma mutu tinaponya ndife. Timatumba ta madzi tolendewera pa mafuta a m'mimba mwa mbuzi, ndi ta m'chiwindi ndi m'mapapo, natonso ndi ana a njoka za mtundu wa lamba zimene zimakulira mwa galu. Zoterezi tenthani kapena kwirirani mozama. Zam'kati zabwino zimene mufuna kupatsa galu, ziphikeni.

Nanga ana? Ndani amanyamula tiagalu tsiku lonse, nkumadya mbatata ndi manja omwewo? Mazira a njoka yoyera akagwa pa dothi amakhwima m'masabata awiri mpaka anayi, ndipo amakhala amoyo miyezi yambiri, ngakhale zaka. Mwana wokwawa akadya dothi lotere, timphutsi timayenda m'thupi mwake. Timafika m'chiwindi, m'mapapo, ndipo nthawi zina m'diso mpaka kuliwononga. Timphutsi ta njoka yoyamwa magazi timalowa pakhungu la munthu woponda kapena kukhala pa mchenga wonyowa, nkulemba kamzere kofiira kokhotakhota, koyabwa usiku wonse. Mwana akaoneka ndi kamzere kotere, pitani naye kuchipatala, ndipo munene kuti pakhomo pali tiagalu.

Popeza dzira la njoka yoyera limafuna masabata kuti likhwime, m'chimbudzi chochotsedwa lero dziralo silinayambe kuopsa. Cholekedwa mwezi ndicho choopsa. Wolani ndi khasu m'mawa uliwonse, mutaye m'chimbudzi cha anthu kapena m'dzenje lakuya. Musathire ku dimba la ndiwo, si manyowa ayi. Udzu wa m'chisa cha galu muutenthe nkuyala wina wouma. Mukatha, sambani m'manja ndi sopo, sopo akasowa phulusa.

Za kukambirana m'gulu

Pamudzi pathu pano, ndi agalu angati aswa chaka chino, ndipo tiagalu tingati tapulumuka? Werengani khomo ndi khomo, mulembe manambala pa bolodi.

Tikapha mbuzi, mutu ndi zam'kati zimapita kuti?

Sabata yamawa wina abwere ndi kagalu ku phunziro. Aliyense akweze mlomo wake, aone nkhama, atsine khungu la pakhosi, ndipo alembe m'kope mwake zimene waona.